Darkest Dungeon: chifukwa chake asilikali anu akungofa, ndi mmene akatswiri amakonzera ulendo

Pafupifupi aliyense amene wangoyamba kusewera Darkest Dungeon amafika tsiku lonena kuti gemu imeneyi ndi yobera. Dandaulo lake limakhala lofanana. Anali ndi msilikali amene wamulera maola ambiri, wamugulira zida, wamuphunzitsa. Ndiye pa nkhondo imodzi lupanga laphonya kawiri, mdani wakantha nkhonya yoopsa (ija yogwa mwa maere, yopweteka kuposa nkhonya wamba), munthu uja wagwa. Ndipo gemuyi silola kubwerera m'mbuyo. Imasunga yokha chilichonse chimene chachitika, moti wakufa wapita basi, dzina lake mukaliwerenga kumanda a m'mudzi.

Komabe alipo anthu amene amamaliza gemu yomweyi pa mlingo wake wovutitsitsa wotchedwa Stygian, pamene lamulo limati mukataya asilikali 12, kapena mukadutsa masabata 86 a m'gemumo musanamalize, zonse zathera pomwepo. Maere amene amagwera ongoyamba ndi omwewo amene amagwera iwo. Kusiyana kuli pa zimene amachita nkhondo isanayambe, ndiponso pa mmene amaonera udindo wawo.

Ndi gemu yotani?

Darkest Dungeon inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya Red Hook Studios ya ku Vancouver m'dziko la Canada, motsogozedwa ndi Chris Bourassa, amene anajambula zithunzi zake, ndi Tyler Sigman, amene anakonza malamulo. Mu 2014 anapempha anthu pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, kuti asonkhe madola 75,000, ndipo anthu anasonkha oposa 313,000. Inayamba kugulitsidwa isanathe mu Febuluwale 2015, n'kutuluka yathunthu mu Januwale 2016.

Nkhani yake ndi yaifupi. Kholo lanu linamwaza chuma cha banja pokumba pansi pa nyumba yake kufunafuna zinthu zoletsedwa, ndipo linatsegulira zilombo zimene zadzaza dera lonse. Inu ndinu mlowam'malo. Koma onetsetsani apa: inuyo simulowa m'mapangamo. Mumalemba ena ntchito, anayi pa ulendo uliwonse. Sindinu ngwazi ya lupanga. Ndinu mwini munda amene akutuma aganyu.

Pali mawu angapo a Chingerezi amene osewera amawatchula nthawi zonse. Dungeon ndi malo apansi kapena obisika, a zipinda ndi tinjira, odzaza adani, misampha ndi chuma. Pano tiziti mapanga. Turn-based ndi kusewera kosinthana mpata, monga bawo: wina amasewera, mnzake akudikira, ndipo palibe amene amapambana chifukwa chofulumira zala. Permadeath ndi imfa yosabwezeka ija. RNG ndi kachipangizo ka m'kompyuta kochita maere, kamene kamagamula ngati nkhonya ilasa kapena iphonya. Kusiyana ndi bawo kuli pomwepa. Pa bawo mukawerenga bwino nkhomo mumadziwiratu pothera dzanja lanu. Muno mumangodziwa kuti mwayi wolasa ndi, mwachitsanzo, 85 pa 100, zinazo zili kwa maere.

Malo anayi oima

Pa nkhondo, asilikali anu amaima pamzere umodzi, woyamba kutsogolo pafupi ndi adani, wachinayi kumbuyo. Adani nawonso amaima pamzere wawo. Luso lililonse lili ndi malamulo awiri: malo amene msilikali ayenera kuima kuti aligwiritse ntchito, ndi malo a adani amene lingafikire. Msilikali wamba amakhala ndi maluso 7 omenyera, koma amanyamula anayi okha.

Leper, chimunthu cha lupanga lalikulu, amamenya mopweteka koma amaphonya kawirikawiri, ndipo lupanga lakelo limagwira ntchito akakhala pamalo awiri akutsogolo, pa adani awiri akutsogolo okha. Vestal, sisitere wochiritsa anzake, amachita bwino ali kumbuyo. Mukawasinthanitsa malo awiriwa, Leper amangoima ngati chitsa ndipo Vestal sangapereke mankhwala ake amphamvu. Adani ena amadziwa zimenezi: amakoka wakumbuyo n'kumubweretsa kutsogolo, kapena kukankha wakutsogolo. Nthawi zinanso gulu limadzidzimutsidwa nkhondo ikamayamba, onse n'kusokonekera malo.

Choncho posankha gulu, funso loyamba si lakuti ndani ali wamphamvu. Ndi lakuti: kodi gulu limeneli lingafikire malo onse anayi a adani? Nanga likasokonezedwa, lingamenyebe? N'chifukwa chake ambiri amakonda Highwayman, amene ali ndi luso lomenya akudumphira kutsogolo ndi lina lowombera mfuti akubwerera m'mbuyo, kapena Hellion, mayi wa chimpeni cha mpini wautali amene ali kutsogolo amatha kufikira mdani wapamalo achinayi.

Mpata ndiye ndalama ya pankhondo

Pa raundi iliyonse, msilikali aliyense amakhala ndi mpata umodzi, ndipo adani wamba chimodzimodzi. Amene ayambe amadziwika pophatikiza liwiro lake ndi nambala ya maere ya pakati pa 1 ndi 8. Ndiye kuti wothamanga amayamba kawirikawiri, koma osati nthawi zonse.

Apa ndi pamene pagona luso lonse la gemuyi. Adani anayi akakhala moyo, akuponyerani zinthu zinayi pa raundi iliyonse, ndipo chilichonse mwa zimenezo chikhoza kukhala nkhonya yoopsa ija. Mukagawa nkhonya zanu mofanana, aliyense n'kumupweteka pang'ono, onse anayi amamenyabe ndi mphamvu zawo zonse, pakuti mdani wotsala ndi kamoyo kakang'ono amapweteka chimodzimodzi ndi wathanzi. Koma mukaunjikira mmodzi n'kumupha asanasewere, mwachotsa mpata umodzi pa raundi iyi ndi pa zonse zotsatira.

Njira yachiwiri ndi stun, kukomola mdani kuti mpata wake umudutse. Plague Doctor ali ndi utsi umene umakomola adani awiri akumbuyo nthawi imodzi. Mwawononga mpata umodzi, mwachotsa iwiri: phindu loonekeratu. Gemu inaika malire ake, chifukwa mdani akangotsitsimuka amakhala wovuta kumukomolanso nthawi yomweyo.

Nanga kuchiritsa? Ongoyamba amathamangira kuchiritsa akangoona magazi, koma kawirikawiri mankhwala amabwezera zochepa kuposa zimene adani amachotsa. Kuchiritsa nkhondo ili pachimake kuli ngati kukapa madzi m'bwato osatseka pobowoka. Akatswiri amapha kaye oopsa pa raundi ziwiri zoyamba, kenako akatsala ndi mdani wofooka ndi pamene amamanga mabala. Opanga gemu anaziona zimenezi, moti mukachedwetsa nkhondo dala kwa nthawi yaitali, asilikali anu amayamba kuda nkhawa ndipo adani ena amatulukira kudzathandiza mnzawo.

Nkhawa, mdani amene amatsatira mpaka kunyumba

Msilikali aliyense ali ndi miyeso iwiri. Wina ndi wa moyo wathupi. Wina ndi wa stress, kupsinjika kwa maganizo, kumene pano tizikutcha nkhawa. Imakwera akayenda mumdima, akaponda msampha, akamenyedwa moopsa, akaona mnzake ali pafupi kufa, ndiponso adani ena ntchito yawo ndi yomweyo basi.

Nkhawa ikafika pa 100, mtima wa msilikali umayesedwa. Kamodzi pa kanayi amalimba mtima n'kukhala chilimbikitso kwa anzake. Katatu pa kanayi amasweka: wina amasanduka wamantha, wina wodzikonda, wina wamwano, wina wokayikira aliyense. Wosweka amakana mankhwala, amasuntha yekha pamzere, amadumphitsa mpata wake, amatukwana anzake n'kuwawonjezera nkhawa. Mmodzi akasweka, enawo amatsatira ngati moto wa tchire m'chilimwe. Ikafika pa 200 amadwala mtima n'kugwera pafupi ndi imfa, ndipo ngati anali kale pamenepo amafa.

Chofunika kuchimvetsa ndi ichi: gulu likabwerera kumudzi, mabala athupi amapola okha kwaulere. Nkhawa sichoka choncho. Kuti itsike msanga muyenera kulipira golide kuti msilikali akamwe mowa kapena kutchova njuga ku bala, kaya akapemphere ku nyumba ya amonke, ndipo sabata imeneyo sapita ku ulendo. Nthawi zina wa kumowayo amasowa kwa kanthawi, wa kunjuga amakaluza chithumwa chimene munavutikira.

Mukazindikira zimenezi, mndandanda wa adani oyenera kufa poyamba umatembenuka. Chigoba chachikulu cha chishango chimene chaima kutsogolo sichoopsa kwenikweni. Woopsa ndi Bone Courtier, kachigoba kovala bwino kamene kamaima kumbuyo n'kumawaza asilikali anu vinyo wa m'chikho, kapena Cultist Acolyte wolodza ndi mawu. Amenewa sapweteka thupi kwambiri, koma ndi amene amakudyerani golide ndi masabata. Lamulo la akatswiri n'lakuti akumbuyo afe kaye.

Khomo la imfa ndi masamu ake

Moyo wa msilikali ukafika pa 0 samwalira nthawi yomweyo. Amalowa m'chimene gemu imatcha Death's Door, khomo la imfa. Kuyambira pamenepo nkhonya iliyonse, ngakhale kudontha kwa magazi kapena poizoni, imachititsa maere, ndipo msilikali wamba ali ndi mwayi 67 pa 100 wopulumuka. Akachiritsidwa ngakhale pang'ono chabe amachoka pakhomopo.

Nambala 67 imaoneka yaikulu, ndipo ndi imene imapusitsa anthu. Kupulumuka kawiri motsatizana ndi mwayi pafupifupi 45 pa 100. Katatu, 30 pa 100. Munthu amene wasiya msilikali wake pakhomo la imfa adani atatu asanasewere, n'kumadalira 67 uja, wachita juga imene amaluza kasanu ndi kawiri pa khumi ngati onse atatu alasa munthu yemweyo. Pamenepa ndi pamene kuchiritsa kumakhala kwanzeru, ngakhale kwa kadontho kamodzi, chifukwa kumatanthauza kuti nkhonya yotsatira singaphe.

Masamu omwewa amagwira pa kumenya. Ngati dongosolo lanu likufuna kuti nkhonya zitatu za mwayi 90 pa 100 zilase zonse, mwayi woti zitheke ndi pafupifupi 73 pa 100. Ndiye kuti koposa kamodzi pa kanayi imodzi iphonya. Pa ulendo wa nkhondo zingapo, kuphonya koteroko si tsoka lachilendo, ndi chinthu choyembekezeka ngati mvula mu Januwale. Funso la katswiri asanasewere limakhala lakuti, iyi ikaphonya ndichita chiyani?

Chitsanzo chabwino cha juga imeneyi ndi Occultist, msilikali wa matsenga amene amachiritsanso anzake. Mankhwala ake akhoza kubwezera moyo wambiri kuposa a Vestal, koma akhozanso kubwezera 0 n'kusiya wodwalayo akukha magazi. Ena amamukonda, ena safuna n'kumuona komwe. Ine ndimamutenga pokhapokha pagulu pali wina amene angathe kuchotsa mnzake pakhomo la imfa iye akalephera.

Muuni, chakudya ndi thumba la mipata 16

Musananyamuke mumagula katundu: chakudya, miuni, mafosholo, makiyi, mabandeji, mankhwala a poizoni, zitsamba ndi madzi odalitsidwa. Thumba lili ndi mipata 16 yokha, ndipo chuma chimene mutole m'njira chikalowa momwemo. Mukanyamula zambiri, mwawononga golide ndipo mulibe poika zimene mwapeza. Mukaumira, njala ikakupezani m'kanjira mulibe chakudya chokwanira onse anayi, onse amataya moyo ndi kuwonjezera nkhawa. Mukapeza njira yotsekeka mulibe fosholo, amafukula ndi manja, n'kuvulala.

Kuwala kumayezedwa kuyambira 100 kutsika mpaka 0, ndipo muuni umodzi umawonjezera 25. Kukakhala pamwamba pa 75, gulu limaona patali ndipo limatha kudzidzimutsa adani. Kukamatsika, adani amalasa bwino, amapweteka kwambiri, nkhawa imakwera msanga, koma chuma chimene mumapeza chimachuluka. Alipo amene amayenda dala mumdima wa ndiweyani pofuna golide. Walira mvula walira matope: mumdima wotero ndi mmene Shambler, chilombo chimene chimapulula magulu osakonzeka, chimatha kutulukira.

M'zipinda ndi m'tinjira muli zinthu zokopa maso, monga mabokosi, maguwa ndi mitembo ya nyama. Kuzigwira ndi manja okha ndi juga ina. Koma chambiri mwa izo chili ndi chinthu chochiyeretsa: kiyi pa bokosi lokhoma, madzi odalitsidwa pa kachipinda kolapira machimo, zitsamba pa nyama yakufa. Amene akudziwa zimenezi amagula katundu molingana ndi dera limene akupita. Vuto ndi lakuti asilikali ena ali ndi zizolowezi zawo. Reynauld, mmodzi mwa awiri amene mumayamba nawo, ali ndi kadzanja: amatsegula bokosi musanamuuze n'kuika m'thumba mwake zimene wapeza.

Pa maulendo aatali gulu limagona m'njira. Mumapatsidwa mapointi 12 ogawira maluso a pamoto, ochotsa nkhawa, omanga mabala kapena onola zida. Musaiwale luso loletsa kuukiridwa usiku, limene Vestal, Highwayman ndi Crusader (msilikali wachipembedzo wa lupanga) ali nalo, chifukwa kudzutsidwa ndi adani mumdima kumafafaniza phindu lonse la kugonako.

Dera lililonse lili ndi mankhwala ake

Madera akuluakulu ndi anayi. Ku Ruins, mabwinja a nyumba ya makolo, kwadzaza zigoba; mafupa sakha magazi, choncho maluso otulutsa magazi ndi ongotaya nthawi, koma poizoni amagwira, ndipo Crusader amazikantha koposa. Ku Warrens kuli anthu-nkhumba amene amapirira poizoni koma amakha magazi mosavuta. Ku Weald, nkhalango ya bowa woopsa, nakonso magazi ndiwo njira, ndipo mafosholo ndi mankhwala a poizoni amafunika ambiri. Ku Cove, m'mphepete mwa nyanja, adani ambiri ali ndi zikamba zolimba zimene lupanga silipyoza bwino, koma poizoni salabadira chikamba. Gulu limene linachita zodabwitsa sabata yatha likhoza kukathera ku dera lina chifukwa chongotengera chizolowezi.

Mudzi ndiye mpamba wanu

Tibwerere kwa mwini munda uja. Sabata iliyonse ngolo imabweretsa anthu atsopano ofuna ntchito, ndipo kuwalemba n'kwaulere. Zimene sizifa ndi nyumba za m'mudzi: kosulira zida, kophunzitsira maluso, chipatala, bala, nyumba ya amonke. Zimenezi zimakonzedwa ndi chuma chamakolo chimene mumatola m'mapanga, monga ziboliboli, zithunzi, zikalata za malo ndi zizindikiro za banja. Chimene mwakonza chimakhalapo ngakhale asilikali onse atafa.

Choncho ambiri amayamba ndi kukulitsa ngolo kuti izibweretsa anthu okwanira gulu lathunthu, kenako kosulira zida ndi kophunzitsira. Msilikali amene wakwera udindo koma zida zake ndi zakale ali pangozi yaikulu kuposa wongobwera kumene, chifukwa pa mlingo wamba wa gemuyi akafika pa levulo 3 amakana kupita ku maulendo a ophunzira. Amati ndi zachibwana. Amangovomera maulendo ovuta, okonzeka kapena osakonzeka.

Apa pali chinthu chimene ena chimawawawa mumtima. Msilikali watsopano amene wabwerako ali wosweka maganizo, kumusamalira kumadya golide wambiri kuposa kumuchotsa ntchito n'kutenga wina pa ngolo. Gemu imalola zimenezi popanda chilango. Imakusiyani nokha muone kuti mwayamba kufanana ndi kholo lanu lija.

Kusunga gulu limodzi lokondedwa ndi msampha winanso. Mapanga omaliza, amene gemu inatengera dzina lake, ali ndi maulendo anayi, ndipo pa mlingo wamba msilikali amene wapambana ulendo umodzi kumeneko amakana kubwererako. Mufunika asilikali okhwima okwana 16 kapena kuposa, monga mphunzitsi wa mpira amene sangadalire osewera 11 okha ligi yonse.

Kuthawa

Batani limene ongoyamba saligwira ndi lothawira. Mukhoza kuthawa pa nkhondo, ngakhale kuti nthawi zina zimakanika, ndipo mukhoza kusiya ulendo wonse. Mumataya mphoto ya ulendowo, asilikali amawonjezera nkhawa, koma zimene zili m'thumba mumapita nazo ndipo anthu anu amakhala moyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Imfa zambiri zimachitika pa chipinda chimodzi chowonjezera, pamene muuni watha, wochiritsa wasweka maganizo, koma wosewera akuti tangotsala pang'ono. Chimodzimodzinso ntchito ikatha: ulendo wofuna kuti muone zipinda 90 pa 100 ukakwanira, zotsalazo ndi dyera lanu. Ku mapanga omaliza kuthawa kuli ndi mtengo wa magazi, pakuti mmodzi amatsala kutchinga adani kuti anzake apulumuke.

Ndi luso kapena ndi mwayi?

Mkangano umenewu ndi wakale ngati gemuyo. Mu Julayi 2015, isanathe kupangidwa, Red Hook inawonjezera mitembo: mdani akafa, mtembo wake umatsala pamzere n'kutchinga akumbuyo kuti asasendere kutsogolo. Kale anthu ankangopha wakutsogolo mobwerezabwereza, mzere n'kumadzibweretsa wokha ku lupanga. Osewera ambiri anakwiya, akuti gemu yasanduka chilango. Kampani inasiya mitemboyo koma inaika poizimitsira kwa amene sakuifuna. Mdani wophedwa ndi poizoni, kukha magazi kapena nkhonya yoopsa sasiya mtembo, ndiye amene anaivomereza anangosintha kamenyedwe.

Odandaula ali ndi mfundo zomveka. Nkhonya zoopsa ziwiri zotsatizana zikhoza kugwetsa msilikali wathanzi inu musanasewere n'komwe, ndipo kulera wina wolowa m'malo mwake kumatenga maola obwereza maulendo omwewo. Kwa munthu wa ntchito amene amasewera ola limodzi madzulo, umenewo ndi mtengo waukulu. Oikira kumbuyo gemuyi amayankha kuti tsoka la nkhondo imodzi ndi la maere, koma kutha kwa gulu lonse kumachokera pa zisankho zingapo zam'mbuyo, monga gulu losayenera dera, zida zosasula, muuni wosayatsa ndi kukana kuthawa.

Opanga gemu anamva mbali zonse. Mu 2017 anatulutsa mlingo wa Radiant, umene umafupikitsa gemu yonse ndi kutsitsa mitengo ya m'mudzi popanda kuchotsa imfa yosabwezeka. Ndipo mu Darkest Dungeon II, imene inatuluka yathunthu mu 2023, anasintha kamangidwe konse: m'malo mosamalira mudzi umodzi kwa masabata ambirimbiri, mumakwera ngolo pa ulendo wa maola ochepa, ndipo gulu likatha mumayambanso wina. Ena mwa okonda yoyamba anadandaulanso, ulendo uno akuti akusowa mudzi wawo ndi manda ake.